Kusintha mapadi a kumbuyo pa galimoto ya handibuleki ya kabatani

Lero pa pulogalamu yathu ya za galimoto tikambirana ntchito imene amakaniko ambiri amaitenga ngati yamasewera, yosintha mapadi a mabuleki a kumbuyo. Pa galimoto zimene tinazolowera ndi yosavutadi. Koma galimoto zasintha, ndipo amene sanasinthe nazo akuwononga katundu wa eni ake. Choncho achimwene a m'magalaja, kaya muli ku Biwi, ku Ndirande kapena ku Luwinga, ikani kaye sipanala pansi. Inunso bambo kapena mayi amene muli ndi galimoto, musatseke wailesi poganiza kuti izi ndi za amakaniko okha. Zikalakwika, ndalama yotuluka ndi ya m'thumba mwanu.

Tiyambe ndi kuidziwa galimoto imene tikunena. Mukakhala pampando wa dalaivala, yang'anani pafupi ndi giya. Ngati pali ndodo yokoka ndi dzanja ija, kapena chopondera chaching'ono cha kuphazi lamanzere, nkhani ya lero sikukukhudzani kwenikweni. Koma ngati pali kabatani kolembedwa chilembo P, kamene mukakakoka ndi chala mumamva kulira koti nziii kumbuyo kwa galimoto, imeneyo ndiyo handibuleki yamagetsi. BMW inaiika mu 7 Series ya 2001, Volkswagen inaiika mu Passat ya 2005, ndipo lero yadzaza m'galimoto zimene zikulowa pa Songwe kuchokera kudoko la Dar es Salaam. Honda Vezel ili nayo kuyambira 2013. Mazda CX-5 ili nayo kuyambira 2015. Toyota C-HR, Golf 7 ndi Tiguan nazonso zili nayo.

Handibuleki zamagetsi zilipo zamitundu iwiri. Pa mtundu woyamba, mota imodzi imakhala pansi pa galimoto n'kumakoka makebulo, monga zilili pa Land Rover Discovery 3. Mtundu wachiwiri, umene wafala kwambiri ndipo ndi umene tikambe lero, uli ndi mota pa tayala lililonse la kumbuyo. Mukachotsa tayala, yang'anani kuseri kwa caliper, chitsulo chija chimene chimapana disiki. Mukaona kabokosi kakuda kapulasitiki kokhala ndi waya wamagetsi, dziwani kuti mota ili mmenemo.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa mutu wa nkhani yonse uli pano. Mkati mwa pisitoni ya caliper imeneyi muli bawuti wautali wamazinga ndi nati yake. Mukakoka kabatani, mota imazungulitsa timagiya, timagiyato timazungulitsa bawuti, nati imayenda kutsogolo n'kukankha pisitoni, pisitoni n'kupana mapadi pa disiki. Kompyuta ya galimoto imayeza magetsi amene mota ikukoka, ndipo ikaona kuti yapana mokwanira imaimitsa mota. Mapadi akamadyeka, nati ija imasendera kutsogolo pang'onopang'ono kutsatira pisitoni. Mukamasula handibuleki, nati imabwerera pang'ono chabe, osati mpaka kumene inayambira.

Ganizirani jeke yopukusa ija imene imabwera ndi galimoto. Ikakwera, ngakhale muiponde ndi thupi lonse, siitsika. Imatsika mukaipukusa mobweza. Nati ya mu pisitoni ili chimodzimodzi. Ndiye makaniko akaona pisitoni ikukana kulowa, asanene kuti yagwira dzimbiri. Siinagwire dzimbiri, yatsamira nati. Akatenga G-clamp n'kuyamba kumanga ndi mphamvu, chimene chigonje ndi mazinga a bawuti kapena timagiya tapulasitiki ta mu mota. Ntchito ya mapadi yasanduka ntchito yogula caliper yonse, mwinanso yodikira milungu kuti ifike kuchokera kunja.

Njira yoyenera ndi yoti galimoto ibweze yokha nati ija musanagwire pisitoni. Opanga galimoto anaika dongosolo lake, limene m'mabuku awo amalitcha service mode kapena maintenance mode. Tiyeni tiyende nayo ntchitoyi kuyambira pachiyambi.

Imikani galimoto pamalo afulati, polimba. Ikani giya pa P, kapena pa giya yoyamba ngati ndi yamanyuwelo. Pingani matayala onse awiri a kutsogolo, kutsogolo ndi kumbuyo kwake, chifukwa mukamasula handibuleki n'kunyamula kumbuyo, chogwira galimoto chimakhala chochepa. Onetsetsani kuti batire ndi yamphamvu. Mota ikaima pakati pa ntchito chifukwa magetsi achepa, kompyuta imasokonezeka ndipo nyale zimayaka pa dashibodi. Ngati batire ndi yokayikitsa, ilumikizeni ku tchaja. Ngati pali batani lolembedwa Auto Hold, lizimitseni. Kumbukiraninso kuti galimoto zina zimamanga zokha handibuleki mukangozimitsa injini.

Kenako ilowetseni mu service mode. Pa galimoto zambiri, makamaka Volkswagen ndi Audi, pamafunika makina aja amene timati kompyuta ya diagnosis. Mumawalumikiza pa soketi ya mabowo 16 imene ili pansi pa dashibodi, chakumawondo kwa dalaivala, n'kusankha gawo la handibuleki, n'kulamula kuti itsegule. Galimoto zina zimalola kuchita zimenezi popanda makina. Pa Mazda CX-5, mwachitsanzo, pali ndondomeko yoponda moto mpaka pansi, kudina kabatani ka handibuleki osakasiya, kwinaku mukuzimitsa ndi kuyatsanso magetsi a galimoto mkati mwa masekondi 5, injini isanalire. Koma ndikuchenjezeni: ndondomeko ya Mazda si ya Toyota, ya Toyota si ya Honda, ndipo nthawi zina imasintha ndi chaka chimene galimoto inapangidwa. Fufuzani ya galimoto imene ili patsogolo panu. Kufunsa ndi kudziwa njira.

Mudziwa bwanji kuti yalowa? Mumva mota zonse ziwiri zikulira nthawi yaitali kuposa masiku onse, masekondi angapo ndithu, kenako zii. Nyale ya handibuleki iyaka kapena iyamba kuphethira pa dashibodi. Ngati simunamve kulira kwakutaliko, musapitirire.

Tsopano masulani pang'ono manati a tayala, nyamulani galimoto ndi jeke, muikhazike pa masitandi achitsulo. Njerwa ndi miyala sizinyamulira galimoto. Njerwa imaphulika osachenjeza, ndipo manja anu amakhala ali mkati. Tsegulani boneti muone mafuta a mabuleki mu kabotolo kake. Mukamabweza pisitoni, mafutawo amakwera. Ngati wina anawonjezera pamene mapadi anali atadyeka, asefukira, ndipo mafuta amenewa amadya penti. Tapani ochepa ndi jekeseni yoyera musanayambe.

Chotsani tayala, masulani mabawuti awiri a mapini a caliper, muizule pang'onopang'ono. Musaisiye ikulendewera pa paipi yake ya labala kapena pa waya wa mota. Imangirireni ku sipuling'i ndi kawaya. Ndipo mverani ichi: caliper ili panja, pasapezeke munthu wokhala pampando wa dalaivala. Mwana wa pagalaja akangoponda buleki kapena kukoka kabatani, pisitoni ituluka mpaka kugwa, mafuta n'kutayika. Kiyi akhale m'thumba mwanu.

Chotsani mapadi akale muwayang'anitsitse, chifukwa amanena zambiri. Akatsala mamilimita 3, nthawi yosintha yakwana. Ngati lina ladyeka kwambiri kuposa linzake, mapini a caliper agwira. Ngati ladyeka mopendekera, pini imodzi ndiyo sikuyenda. Azuleni mapiniwo, muwapukute, muwapake girizi ya mabuleki, imene siidya labala. Girizi wamba ya mabering'i imafufumitsa timalabala ta mapini, ndipo pakapita miyezi yochepa mapini agwiranso. Timalabalato ngati tang'ambika, sinthani, chifukwa fumbi la m'misewu yathu ndi madzi a dzinja zimalowera pomwepo. Fumbi la mabuleki musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompuresa. Ndi loipa m'mapapo. Litsukeni ndi mankhwala opopera otsukira mabuleki.

Yang'ananinso disiki. Pa disiki pamakhala podindidwa zilembo MIN TH ndi nambala, kusonyeza kuchindikala kumene siyenera kutsikapo. Yezani. Ngati yapyapyala kupitirira pamenepo, kapena ili ndi mizere yakuya yoti chikhadabo chimakodwamo, mapadi atsopano saichiritsa.

Tsopano bwezani pisitoni. Popeza nati yabwerera, pisitoni iyenera kulowa mofewa. Ikani padi lakale patsogolo pake, mukankhe molunjika, pang'onopang'ono. Apa amakaniko akale amalakwitsa chifukwa cha chizolowezi. Pa caliper zakale za handibuleki ya kebulo, pisitoni inkalowa moipukusa. Pa zambiri zamagetsi, imangokankhidwa, ndipo kuipukusa kutha kuwononga zamkati. Onani zimene buku la galimotoyo likunena. Ikalimba pakati panjira, lekani. Kulimbako ndi uthenga woti nati siinabwerere yonse. Bwererani ku service mode, musawonjezere mphamvu.

Ikani mapadi atsopano, ndi timalata tatsopano ngati tabwera m'bokosi. Girizi pang'ono pa makutu a padi pamene limatsetsereka, koma kumaso kwa padi ndi pa disiki pasafike ngakhale dontho. Ngati padi lili ndi kachitsulo kolira mapadi akatha, kaikeni mbali imene kakale kanali. Bwezerani caliper, mumange mabawuti ndi torque wrench molingana ndi buku. Manati a matayala nawonso ali ndi mlingo wake: Honda zambiri ndi 108 Nm, Toyota zambiri 103 Nm. Kudumphira pa wilo sipanala si mlingo. Ndipo musinthe mbali zonse ziwiri tsiku lomwelo. Padi latsopano kumanja, lakale kumanzere, galimoto siigwira mofanana.

Mwamaliza kumanga, koma musathamangire kabatani. Pali ndondomeko yake. Choyamba, popani chopondera buleki kangapo mpaka chilimbe pansi pa phazi, kuti pisitoni zifike pa mapadi. Chachiwiri, itulutseni galimoto mu service mode, ndi makina kapena ndi ndondomeko yake yotulukira. Mumvanso mota zikulira nthawi yaitali pamene nati zikufunafuna pisitoni. Chachitatu, mangani ndi kumasula handibuleki kangapo, mukumvetsera ngati mbali zonse zikulira mofanana. Galimoto isanatsike pa masitandi, zungulitsani tayala ndi dzanja: handibuleki itamangidwa lisasunthe, itamasulidwa lizungulire bwino. Onani mafuta a mabuleki. Ngati achepa, onjezerani mtundu umene walembedwa pa chivindikiro, DOT 3 kapena DOT 4, ochokera m'botolo losatsegulidwa kale, chifukwa mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya. Pa dashibodi pasatsale nyale yochenjeza za mabuleki.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, ife timangozula waya wa mota n'kuilumikiza ku batire mwachindunji, imabwerera. Zoona, imazungulira. Koma pamenepo kompyuta ija yoyeza magetsi mwaidumpha, palibe choimitsa mota ikafika pamapeto. Mukasemphanitsa mawaya, pisitoni ituluka m'malo molowa. Ena amachotsa mota n'kupukusa bawuti ndi dzanja. Imeneyo ndi njira ya pangozi, galimoto ikafera kutchire, ndipo imafuna wodziwa mbali yopukusira ndi wosamala kalabala kotchinga madzi. Si njira ya tsiku ndi tsiku pagalaja. Mtengo wa makina a diagnosis ang'onoang'ono otha ntchitoyi uyerekezeni ndi mtengo wa caliper yamota yoitanitsa kunja, pamodzi ndi kasitomala amene sadzabweranso.

Chomaliza ndi kuyesa pamsewu. Sankhani msewu wopanda anthu ambiri. Yendani liwiro la makilomita 50 pa ola, pondani buleki mofatsa mpaka galimoto itsale pang'ono kuima, yendaninso, mubwereze kangapo. Mapadi atsopano amafuna nthawi kuti agwirizane ndi disiki. Pa makilomita 200 mpaka 300 oyamba sagwira mokwanira, choncho siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto ya patsogolo. Tsiku limenelo si loyesera mabuleki potsika Chiweta kapena Golomoti. Mukaima, imikani pachitunda pang'ono, mukoke kabatani, muone ngati galimoto yagwira osasuntha.

Kwa inu eni galimoto, musanasiye kiyi pagalaja funsani mafunso awiri. Kodi mukudziwa kuti handibuleki ya galimoto iyi ndi yamagetsi? Nanga muilowetsa bwanji mu service mode? Makaniko wodziwa ntchito ayankha osazengereza, mwinanso akuonetsani makina ake. Akayankha kuti zonse ndi chimodzimodzi, timangokankha, tengani kiyi wanu mupite kwina. Pofika kudzatenga galimoto, pemphani kuona mapadi akale onse anayi, ndipo yang'anani dashibodi musanalipire.

Nanu achimwene amakaniko, palibe chamanyazi kutsegula buku kapena kufunsa mnzanu amene anaigwirapo galimoto yotere. Pisitoni ikakana, musaimenye nkhondo. Bwezani nati kaye. Mabuleki amenewa anyamula moyo wa amene ali m'galimoto, wa wakabaza amene ali patsogolo, ndi wa mwana amene akuwoloka msewu.