PHWANDO LA KRISIMASI NDI MANO ATHU

Werengani: Nehemiya 8:9-12, Miyambo 25:16.

Pamene anthu a ku Yerusalemu anamva Ezara alikuwerenga cilamulo, analira misozi. Koma Nehemiya anawatontholetsa, nawatumiza kwao kukacita phwando, nawakumbutsanso kugawirako anzao osowa. Tsono phwando si ucimo. Nkoyenera kuti pa Krisimasi ndi pa Caka Catsopano tiphe nkhuku, tiphike mpunga, ndi kuitana alendo. Komabe mlembi wa Miyambo atilangiza kuti ngakhale uci tiudye ndi muyeso.

Mau amenewa ngofunika cifukwa ca cimene cioneka kawirikawiri madyerero atapita. Mwana ayamba kulira usiku atagwira tsaya. Mvula irikugwa, mitsinje yadzala, cipatala ciri kutali, ndipo udzu ulikupambana cimanga m'munda. Atate asiya khasu nabereka mwanayo ulendo wa tsiku lathunthu. Dzino silibooka tsiku limodzi iai, koma zizolowezi zimene ana aphunzira pa masiku a phwando ndizo zitsala nao caka conse.

Cimene Ciononga Dzino

Mwana amera mano 20 oyamba, ndipo munthu wamkulu akhala nao 32. Cikutiro coyera ca dzino ndico cinthu colimba koposa zonse za m'thupi, coposa ngakhale pfupa. Nanga cibooka bwanji?

Makolo athu anati m'dzino mulowa kacirombo. Sanalakwe kwambiri. M'caka ca 1890 sing'anga wa mano, W. D. Miller, amene anagwira nchito ku Berlin, anafotokoza kuti tizirombo tosaoneka ndi maso tikhala m'kamwa, tidya shuga wotsalira m'mano, ndipo titulutsa madzi owawasa ochedwa asidi. Asidiyo ndiye asungunula cikutiro ca dzino pang'onopang'ono.

Mlengi anatipatsa mlonda wa mano, ndiye malobvu. Malobvu atsuka asidi nabwezera m'dzino miyala imene inasungunuka. Koma nchitoyi ifuna nthawi, monga theka la ora kapena ora lathunthu munthu atadya. Cifukwa cace mwana wodya maswiti 5 nthawi imodzi, atangotha nsima, apweteka mano ace kamodzi kokha. Mnzace wodya siwiti imodzi m'mamawa, yina pocoka ku mapemphero, yina masana, yina madzulo, yina pogona, apweteka mano ace kasanu, ngakhale maswiti ao ali olingana. Ndipo ya pogonayo ndiyo yoipa koposa, pakuti m'tulo malobvu acepa.

Zakudya Zomanga Mano

Taonani cifundo ca Mulungu: mwezi wa December, pamene ndalama zicepa, zakudya zabwino za mano ziri pafupi ndi khomo.

Coyamba ndi nsomba zazing'ono, monga kapenta ndi usipa. Popeza tizidya pamodzi ndi minga yace, zitipatsa kashiamu, ndiwo mwala umene thupi limangira mano ndi mapfupa. Mkaka nao uli ndi kashiamu wambiri, wamadzi ndi wosasa womwe. Amene ali ndi ng'ombe kapena mbuzi asagulitse mkaka wonse kuti agule zakumwa za m'mabotolo. Kumeneko nkusinthanitsa mbeu ndi mankhusu.

Caciwiri ndi ndiwo zamasamba zimene zimera ndi mvula yoyamba: bonongwe, nkhwani ndi kholowa. Zotendera ndi nshawa zikoma pa phwando monga nyama yomwe. Musaziphike nthawi yaitali, ndipo cepetsani soda ndi cidulo, pakuti izi zipha Vitamini C wa m'masambamo. Vitaminiyu ndiye asunga nkhama. Kale amalinyero okhala miyezi yambiri pa nyanja opanda zipatso anatupa nkhama, nacuca mwazi, mano ao nagwedera. M'caka ca 1747 sing'anga wa m'combo, James Lind, anapatsa ena a odwalawo malalanje ndi mandimu, ndipo iwowa anacira msanga kuposa anzao.

Cacitatu ndi zipatso. Mango ndi masuku zipsa nyengo yomwe ino. Cipatso codya cathunthu sicibvuta mano monga siwiti, cifukwa cifuna kutafuna, ndipo kutafuna kuitana malobvu. Koma cotsani ulusi wa mango wotsala pakati pa mano.

Cacinai ndi nshawa zokazinga, mazira, nyama, bowa wodziwika bwino ndi inswa. Izi zikhutitsa mwana popanda kudyetsa tizirombo tija. Mlendo wamng'ono akafika, mtapireni nshawa m'malo mwa bisiketi.

Cakumwa coposa zonse ndi madzi oyera.

Muyeso wa Zotsekemera

M'caka ca 2015 bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya asafike gawo limodzi la magawo 10 a mphamvu imene munthu alandira m'cakudya ca tsiku. Kwa munthu wamkulu ndiye kuti masupuni a tiyi ngati 12, ndipo kutsika kufikira 6 nkwabwino koposa. Uci ndi madzi ofinya m'zipatso awerengedwa pomwepo. Cakumwa cotsekemera ca m'sitolo ca mamililita 330 cikhoza kukhala ndi masupuni 8 kapena kuposa. Onjezani tiyi wa m'mamawa, thobwa kapena munkoyo wothira shuga, ndi mabanzi: muyeso wapitirira dzuwa lisanafike pamutu.

Sitinena kuti ana amanidwe. Tinena kuti zotsekemera zibwere pamodzi ndi cakudya cacikulu, zithe nthawi yomweyo, kenaka onse acukuce m'kamwa ndi madzi. Khanda lisamwetsedwe zakumwa za shuga konse. Ndipo inu anyamata, lekani kutsegula mabotolo ndi mano. Dzino lothyoka siliphukanso monga citsa.

Dzino la Zaka 6

Makolo ambiri ati, "Alekeni, mano awa adzaguluka." Cenjerani. Mwana akafika zaka ngati 6, kumbuyo kwa mano oyamba kumera zibwano zinai, ziwiri kumwamba, ziwiri kunsi, popanda dzino lina kuguluka. Amenewa ndi mano acikhalire, ndipo akaonongeka palibe ena odzalowa m'malo mwao. Tsegulani kamwa la mwana wanu padzuwa, muwaone.

Tsukani mano kawiri pa tsiku, makamaka pogona, kwa mphindi 2. Mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride alimbitsa cikutiro cija. Mwana wosafika zaka 3 alandire ocepa ngati njere ya mpunga, wa zaka 3 kufikira 6 ngati mbeu ya nandolo. Mutatha, labvulani osacukuca. Pamene mankhwala palibe, mswaci wa mtengo wotafunidwa bwino ucotsabe litsiro. Dzino likawawa musaikepo mbulu wa mankhwala, pakuti utentha nkhama. Tsaya likatupa ndi thupi kutentha, pitani ku cipatala tsiku lomwelo.

Abale, Mwana wa Mulungu anabadwa ndi thupi longa lathu, ndipo potero analemekeza thupi la munthu. Kusunga mano a ana athu ndi mbali ya udindo umene tidzayankhapo. Tikonze phwando limene agogo adzakhoza kutafuna, ndi ana adzalikumbuka popanda misozi.

Mafunso Okambirana

1. Cifukwa ninji maswiti odya pang'onopang'ono tsiku lonse aononga koposa odya nthawi imodzi?
2. Chulani zakudya 5 za m'mudzi mwanu zothandiza mano pa nyengo ino.
3. Kodi ndani m'mudzi mwathu alibe comkonzera phwando, ndipo tidzamtumizira ciani?