Njira Ziwiri Zokuzira Mzinda

Mzinda ukamakula umadya minda ndi madambo amene auzungulira. M'nkhani ino ndifuna kulongosola njira ziwiri zomangira nyumba kunja kwa mzinda, monga momwe zinachitikira ku America, kuti tione ubwino ndi kuipa kwa njira iri yonse.

Njira yoyamba ndiyo yozolowereka. Kampani imagula munda niudula mapuloti ofanana, nimanga nyumba imodzi pa puloti iri yonse kufikira malo onse atatha. Chitsanzo chodziwika ndicho Levittown, pafupi ndi New York, kumene anamanga nyumba zoposa 17,000 pa minda ya mbatatesi kuyambira 1947 kufikira 1951. Nyumbazo zinali zotsika mtengo, kotero kuti asilikali ambiri obwerako ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anapeza pokhala, ngakhale anthu akuda sanali kuloledwa kugulako. Koma kamangidwe kotere kali ndi vuto lake. Madenga ndi misewu ya phula sizimwa madzi. Mvula ikagwa, madzi onse amathamangira m'ngalande nthawi imodzi, atasenza mafuta a galimoto ndi fetereza wa pa kapinga, ndipo mtsinje umadzaza msanga niudetsedwa.

Njira yachiwiri tiipeza ku Grayslake, m'chigawo cha Illinois, mtunda wa mamailosi ngati 40 kumpoto kwa Chicago. Kumeneko kunali malo a maekala 677, ndipo kampani ina inafuna kumangapo nyumba 2,400. Anthu okhala pafupi anakana kwa zaka zambiri. M'chaka cha 1987 ena mwa iwo, motsogozedwa ndi Gaylord Donnelley, anasonkha ndalama nagula malowo. Mudzi umene anamangapo dzina lake ndi Prairie Crossing. Uli ndi nyumba 359 zoima pazokha, ndi zina 36 zogundizana. Nyumba anaziika pafupi pafupi, kotero kuti malo oposa magawo 60 pa 100 anatsala osamangidwa. Pamenepo pali munda, madambo, nyanja yaing'ono ndi thengo la udzu wobadwira m'dzikomo.

Tsono taonani m'mene madzi amayendera m'mudzi umenewu. Akachoka pa denga kapena pa msewu, amayamba kuyenda m'ngalande zomera udzu, napyola m'thengo, nalowa m'dambo, ndipo potsiriza amafika m'nyanja ija, imene anaipatsa dzina la Aldo Leopold. Udzu wa m'thengomo uli ndi mizu yaitali, choncho madzi ambiri amalowa pansi, ndipo otsalawo amafika atasefedwa bwino kwakuti anthu amasambira m'nyanjamo. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Omanga mudziwu anawasiyira madzi khwawa lao m'malo momangamo nyumba.

Komatu tisafulumire kuomba m'manja. Tiyambe tachita masamu. Tikaphatikiza 359 ndi 36 tipeza 395. Tikachotsa 395 pa 2,400 patsala 2,005. Kodi mabanja 2,005 amene akadakhala pamenepo anapita kuti? Anayenera kukafuna nyumba kwina, ndipo mwina munda wina unadulidwa mapuloti chifukwa cha iwo. Ndiponso nyumba za ku Prairie Crossing si za munthu wosauka ai. Nyumba zikachepa pa malo akulu, iri yonse imasenza gawo lalikulu la mtengo wa malowo, ndipo anthu opeza bwino amalola kulipira zambiri kuti azidzuka akuona nyanja pa zenera.

Maganizo anga ndi awa. Chimene chimakweza mtengo ndicho kuchepa kwa nyumba, osati kuziika pafupi pafupi. Kunena zoona, nyumba zoyandikana zimafuna misewu yaifupi ndi mipope yaifupi, ndipo zimenezi zimapulumutsa ndalama. Chifukwa chake nzeru yosiya dambo ndi njira ya madzi siyenera kukhala chinthu chogulitsa kwa olemera okha. Iyenera kulembedwa m'malamulo a khonsolo ya mzinda, kuti kampani iri yonse, yomanga nyumba zodula kapena zotsika mtengo, iziitsata. Pakapanda lamulo, ochepa adzakhala pambali pa nyanja yoyera, pamene ambiri adzakhala kumunsi kumene madzi akuda amathera.

Pomaliza ndikupempheni nchito yaing'ono. Tsiku lina mvula ikakata, tsatirani madzi ochokera pa denga la kalasi lanu, nimuone kumene akupita. Lembani pamene akulowa pansi ndi pamene akukumba nthaka. Ena a ife tidzakhala oyeza malo, ena makhansala, ndipo tsiku limenelo mapu a mapuloti adzakhala pa tebulo lathu kudikira kuti tisaine.