Phunziro la za Makina: Motoka Ikaleka Kuziziritsa, Tisathamangire Kuthira Gasi

Mwezi wa Okutobala dzuwa limaswa mtengo, makamaka kucigwa ca Luangwa kumene kutentha kumapitirira madigiri 40. Ndiyo nthawi imene ambiri a ife timakumbukira kuti makina oziziritsa m'motoka, amene timawacha aircon, analeka kale kugwira nchito. Mau amene timamva pomwepo ndi akuti, “Gasi watha, kathireni wina.” Koma gasi ameneyu satha monga dizilo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Ngati wacepa, ndiye kuti wathawira penapake, ndipo wothira wina asanatseke pobookapo akutungira madzi m'dengu. Amataya ndalama ya feteleza, mwinanso n'kupha kompresa, imene ndiyo ciwalo codula koposa.

Mmene makinawa amagwirira nchito

Kompresa, imene imazunguzidwa ndi lamba wa injini, imafinya gasi kufikira atatentha. Gasi wotenthayo amapita ku kondensa, kutsogolo kwa rediyeta, ndipo mphepo ikaomba pamenepo amazizira nasanduka wamadzimadzi. Kenaka amadutsa pa valavu yopapatiza kulowa mu evaporator, imene ili kuseri kwa dashibodi. M'menemo amasandukanso mpweya, ndipo posandukapo amayamwa kutentha kwa m'motoka. Ciwalo cimodzi cikalephera, kuzizira kumatha ngakhale gasi ali wokwanira.

Tiyambe ndi zosafuna ndalama

1. Sefa ya mpweya. Ngati mphepo ituluka yofooka, tione sefa ya m'kati, imene m'mamotoka ambiri ili kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa wokwera. Fumbi la m'misewu ya kumunda limaitseka msanga.

2. Kondensa ndi fani yake. Ngati motoka iziziritsa poyenda koma n'kuleka ikaima, tikayikire pamenepa. Udzu, mankhusu, thonje ndi tizilombo zimachinga mphepo. Titsuke ndi madzi osathamanga kwambiri, kuopa kupinda timapiko take, ndipo tione ngati fani izungulira.

3. Fyuzi ndi lamba. Fyuzi yopserera tiisinthe ndi ina ya nambala yomweyo. Lamba wosweka kapena wolira tisamulekerere.

4. Klachi ya kompresa. Tilize injini, titsegule aircon kufikira pamapeto, ndipo tiyang'ane kumaso kwa kompresa, manja ndi malaya zili kutali ndi lamba. Klachi yabwino imamveka kuti “tha” n'kuyamba kuzungulira. Ikamagwira ndi kusiya m'masekondi owerengeka, kawirikawiri gasi wacepa. Ikapanda kugwira konse, vuto ndi la magetsi, kapena gasi wacepetsetsa ndipo swichi yoteteza yaimitsa kompresa. Tisailambalale swichiyo ndi waya. Gasi ndiye amayendetsa oilo m'makinamo, motero kompresa yokakamizidwa kuzungulira popanda iye imapsa.

5. Paipi yonenepa. Makina akamagwira bwino, paipi yaikulu yobwerera ku kompresa imazizira ndi kucita mame.

Kupeza pothawira gasi

Popeza gasi amayenda pamodzi ndi oilo, pothawira pake pamakhala banga lonona lomatirira fumbi. Tifufuze polumikizana mapaipi, pa kondensa pamene miyala imagunda, kumaso kwa kompresa, ndi pa timavalavu tothirira. Tikapakapo madzi a sopo, thovu lotupa limaulula malowo. Nthawi zambiri colakwa ndi kamphira kakang'ono kouma. Koma kukasintha kumafuna kutsegula mapaipi, ndipo imeneyo ndi nchito ya amakanika okhala ndi zipangizo zake.

Kuthira gasi pakhomo

Tingathire tokha pokhapokha ngati gasi wangocepa pang'onopang'ono pa zaka zingapo, kompresa ikali kugwira, ndipo sitinapeze banga lililonse. Coyamba tiwerenge cipepala comatidwa pansi pa boneti, cimene cimachula mtundu wa gasi ndi magalamu ake. Mamotoka ambiri opangidwa kuyambira capakati pa zaka za m'ma 1990 amagwiritsa nchito R134a. Akale anali ndi R12, amene maiko anagwirizana kumuthetsa m'pangano la Montreal la 1987 cifukwa coononga ozoni, ndipo atsopano ambiri ali ndi R1234yf. Mitundu imeneyi siisakanizidwa. Gasi wophikira kapena R600a wa m'mafiriji tisamuyese n'komwe, pakuti amayaka moto.

Tigwirire nchito panja, titavala magalasi oteteza maso ndi magolovesi. R134a amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro, cotero akagwera pakhungu kapena m'diso amaumitsa mnofu pomwepo. Citini ca gasi cisakhale padzuwa kapena pa injini yotentha.

Pa mapaipi pali pothirira pawiri. Ife tilumikize pa paipi yonenepa, pamene kacivundikiro kake kawirikawiri kamalembedwa L. Pa paipi yopyapyala, polembedwa H, mphamvu ya gasi ndi yaikulu moti ingaphulitse citini m'manja.

Tisanyengedwe ndi geji injini ili yozima. Pa tsiku lotentha ingaonetse psi 80 kapena 90 ngakhale gasi atatsala wocepa, popeza pamenepo imangotsata kutentha kwa kunja. Tiwerenge kompresa ili kuzungulira: kumbali ya L muvi umakhala pakati pa psi 25 ndi 45, ndipo umakwerako dzuwa likakula. Ngati uli pamwamba kale koma motoka siiziziritsa, tisathire. Vuto lili pena.

Titulutse kaye mpweya wa m'paipi yothirira mwa kutsegula pang'ono cabe, kenaka tithire kwa masekondi asanu, tiime, tiwerenge geji. Citini cikhale coimirira. Tikacizondotsa, gasi wamadzimadzi angalowe mu kompresa n'kuiswa. Sikelo ya mbeu itithandize kupima citini tisanayambe ndi pomaliza, kuti tidziwe magalamu amene alowa. Mphepo ikayamba kutuluka yozizira ndipo paipi yonenepa yacita mame, tileke. Gasi wopitirira muyeso amacepetsa kuzizira ndi kulemetsa kompresa.

Pamene tiyenera kulekera amakanika

Ngati geji ionetsa ziro, mpweya wa kunja ndi cinyezi zalowa kale. Cinyezi cimaundana pa valavu yopapatiza ndi kuononga oilo. Pamenepo afunika kutseka pobooka, kusintha ciwalo coyamwa cinyezi, kukoka mpweya ndi pampu kwa mphindi 30 kapena kuposa, ndi kuthira gasi mopima pa sikelo. Kompresa yolira kapena yogwira ndi yaonso. Tisatulutsire gasi mumlengalenga mwadala: R134a amasunga kutentha kuposa carbon dioxide nthawi zoposa 1,000, ndipo ife alimi ndife oyamba kulira nyengo ikasokonezeka.

Pomaliza, tizitsegula aircon mphindi khumi sabata iliyonse, ngakhale m'cisanu ca Juni ndi Julayi, kuti oilo afewetse timamphira. Sabata ino aliyense atsegule boneti, awerenge cipepala cija, alembe mtundu wa gasi ndi magalamu ake m'buku la motoka, ndipo atsuke kondensa dzuwa lisanakule.