Koimika Galimoto Mukakaona Chipilala cha Wotchi ku Mangochi

Chipilala cha wotchi cha pa boma la Mangochi chinamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, tauniyi ikutchedwabe Fort Johnston. Amene anachimanga ankaganiza za sitima zodutsa mu Shire, osati za galimoto yanu. Lero chipilalachi chili pakamwa penipeni pa mlatho wa Bakili Muluzi, pomwe malole opita ku Namwera ndi kuchipata cha Chiponde amakumanirana ndi maminibasi, njinga zamoto ndi akabaza osawerengeka. Mlendo akachiona amafuna kuponda buleki pomwepo. Musatero. Imikani galimoto kamodzi kokha, pamalo amene ali ndi mwini wake woti mwalankhula naye, zotsalazo muyende wapansi.

Yambani ndi kusankha nthawi musananyamuke. Kuchokera pa Liwonde ndi makilomita oposa 70 pa msewu wa M3, choncho wochokera ku Zomba kapena ku Blantyre akalawira amafika dzuwa lisanakwere. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha koopsa, ndipo malo amthunzi amayamba kutha. Lachisanu masana anthu ambiri amapita ku mzikiti, misewu yoyandikira imadzaza, ndipo si ulemu kutsekereza anthu opita kukapemphera. Pa Khrisimasi, pa Pasaka ndi pa tsiku la anakubala, 15 Okutobala, theka la Blantyre limakhala pa ulendo wakunyanja, ndipo ambiri amaima pa boma kugula zakumwa asanapitirire ku Monkey Bay.

Mukafika, dutsani kaye pachipilalapo pang'onopang'ono osaima, muone mmene malo alili. Pamlatho sipoima ngakhale kwa mphindi imodzi yojambula chithunzi, ndipo pamphambano pamene pali chipilalacho woyendetsa lole sangakuoneni msanga. Mukapezeka kuti mwalowa kale pamlatho, wolokani basi, mukatembenukire kutsidya pamalo otakasuka. Mudzakhala mwaonanso Shire kwaulere.

Malo oyamba kuyesa ndi kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, yomwe ili pafupi, mtunda woti n'kuyenda wapansi. Funsani wogwira ntchito kumeneko ngati galimoto ingakhale pabwalo pawo pamene mukuona za mkatimo ndi za kuchipilala. Ubwino wake ndi woti ndinu mlendo wawo, ndipo ulendo wanu umayambira pamalo oyenera: mukamva kaye mbiri ya sitima zapanyanja, zimene mukaone panja zimamveka bwino. Pakapanda malo, yesani pa lesitilanti kapena pa malo ogona alendo pomwe pali mpanda ndi mlonda. Pamalo omwetsera mafuta ndi pothawira pomaliza, ndipo pamenepo musatseke njira yakupampu kapena pothira mpweya.

Gawo lovuta kwa anthu a m'mizinda ndi kupempha. M'tauni yaing'ono mizere yoyera yolozera poimika ndi yosowa, koma bwalo lililonse looneka lopanda mwini lili ndi mwini. Khonde la sitolo ndi pomwe lole yobweretsa katundu imatsitsira. Pansi pa mtengo wamango paja ndi siteji ya akabaza, ngakhale palibe chikwangwani. Tsikani m'galimoto, osangotsitsa galasi n'kukuwa. Perekani moni wathunthu, kenako nenani zomveka: "Pepani bambo, tabwera kudzaona chipilala ndi nyumba ya zakale. Kodi galimoto ingakhale pano kwa ola limodzi?" Tchulani nthawi yeniyeni ndipo muisunge. Ngati ndi pa lesitilanti, gulani kanthu, ngakhale madzi ozizira, kapena itanitsiranitu chambo kuti mudzachipeze chitapsa pobwerera. Ndimaona kuti iyi ndiyo njira yabwino kuposa zonse, chifukwa mwini malo amakhala ndi chifukwa choyang'anira galimoto ya munthu amene sanadye nsomba yake.

Za ndalama, gwirizanani musanachoke. Mlonda wa pamalopo mungamupatse kangachepe pobwerera. Anyamata akakuzungulirani aliyense akuti "ndikuyang'anirani bwana," sankhani mmodzi, mufunse dzina lake enawo akumva, kuti pobwerera musapeze anthu asanu otambasula manja. Wina akanena kuti ndi wa khonsolo ndipo akutolera ndalama yoimikira, pemphani lisiti.

Onaninso pansi. Dothi la kufupi ndi mtsinje ndi lamchenga, ndipo nthawi ya dzinja malo otsika amasunga madzi. Galimoto yaing'ono ikatitimira mumalipira okankha ndalama yoposa imene mumaipewa. Imikani mphuno italoza kotulukira. Zikwama, laputopu ndi mafoni ziikeni m'buti musanafike pamalopo, osati anthu akuona. Mwana kapena agogo otopa musawasiye m'galimoto yotseka, ngakhale muli pamthunzi, poti mthunzi umasuntha.

Amene mwabwera ndi basi ya ana asukulu kapena ya kwaya, tumizani munthu mmodzi patsogolo akapeze malo basi isanalowe pakati pa tauni. Ana atsikire mbali yakumanzere, kutali ndi mphambano, ndipo awoloke msewu pamodzi mphunzitsi ali patsogolo wina ali kumbuyo. Njinga siimveka ikamabwera.

Mukayenda wapansi mudzaona zimene wa m'galimoto amaziphonya. Pafupi ndi chipilalacho pali mzinga wochokera pa sitima ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kugombe la kum'mawa kwa nyanja, nkhondo yoyamba yapadziko lonse itangoyamba. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Mawu ake amafuna kuti munthu aime n'kuwerenga, ndipo simungawerenge modekha wina akukuimbirani hutala kuti muchotse galimoto. Ngati mwaimika patali ndipo muli ndi wovutika kuyenda, kabaza amufikitsa pamtengo wochepa. Funsani mtengowo asanakwere.

Pochoka, zungulirani galimoto muone matayala ndi pansi pake, chifukwa mbuzi ndi agalu amakonda mthunzi umenewo. Tsanzikani kwa amene anakusungirani malo. Potulukira mumsewu waukulu yang'anani kawiri mbali zonse, makamaka madzulo pamene akabaza onyamula mitolo ya nkhuni ndi madengu a nsomba amakhala akuwoloka mlatho, ambiri opanda nyali.