Mayi woyembekezera akamaopa kuchira: zoyenera kuchita pakhomo

Mayi aliyense wapakati amakhala ndi kamantha, ndipo n'zosadabwitsa. Koma alipo mantha ena opyola muyeso. Mayi sagona tulo, akangomva za leba mtima umathamanga, amayamba kujomba kusikelo, ndipo mimba ikamakula amangolira. Mayi wotere ndi amene tsiku lina amanena kuti, "Ine bola angondipanga opaleshoni." Zimene a pakhomo angayankhe tsiku limenelo zikhoza kumuthandiza kapena kumutsekeratu pakamwa.

Musamuyankhe kuti, "Anzako onse akuchira bwanji?" Ameneyu sakuchita ulesi kapena matama. Mufunseni modekha chimene akuopa, chifukwa mantha ali ndi magwero ake. Wina mimba yoyamba inapita padera. Wina anakhala masiku awiri matenda atayamba, akukalipiridwa m'malo molimbikitsidwa. Wina anaona mchemwali wake akumwalira pochira. Wina anagwiriridwapo ali mtsikana, ndipo kuyezedwa kokhako kumamukumbutsa tsikulo. Ameneyu mwina sangauze mwamuna wake kapena apongozi, choncho m'patseni mpata alankhule ndi namwino kapena munthu amene iye wasankha. Winanso ndi wachisamba, ndipo zonse zimene akudziwa ndi nkhani zoopsa za pamjigo. Inu azakhali ndi apongozi, nkhani za amene anafera ku leba zisungeni kaye. Lekaninso kunena kuti matenda akatalika ndiye kuti wina anayenda njira. Mwana amachedwa kutuluka chifukwa cha mmene wagonera, kukula kwake, kapena njira ya mayi, ndipo kukakamiza mayi amene ali pa ululu kuti aulule ndi nkhanza.

Mantha akadziwika, atengereni kusikelo msanga, osadikira mwezi womaliza. Kuyambira mu 2016, bungwe la WHO limalangiza kuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, choncho mipata yolankhula ndi yambiri. Bambo, pitani nawo. Funsani anamwino kuti afotokoze mmene leba imayendera, mankhwala ochepetsa ululu amene alipo, ndi ngati n'kotheka kuti mayi akaoneretu chipinda chochirira. Pemphani kuti za manthawa zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala. Sankhaninso gadiyani amene mayi mwini amamukhulupirira, ngakhale asakhale wamkulu pabanjapo. Ngati kwanu n'kutali, konzani zopita kuchidikiro masiku akadalipo, poti amayi ena chimene amaopa kwenikweni ndi kuchirira panjira usiku.

Tsono za opaleshoniyo. Imapulumutsa moyo pamene mwana wagona mopingasa, nsengwa yatsekereza njira, kapena matenda aima. Kawirikawiri mayi amabayidwa jakisoni wa pamsana, ndipo amakhala ali maso, n'kumva mwana wake akulira. Komabe ndi opaleshoni yaikulu. Mayi akhoza kutaya magazi ambiri, bala likhoza kutukusira, ndipo chipsera cha pachiberekero chimafuna kuti mimba zonse zotsatira adzachirire kuchipatala chokhala ndi fiyeta. Opaleshoni yokonzeratu imachitika mimba ikakwana masabata 39. M'zipatala za boma kwathu kuno imachitika makamaka pakakhala vuto limene dokotala waliona. Abale amene ali ku Britain adziwe kuti malangizo a bungwe la NICE amati mayi wopempha opaleshoni chifukwa cha mantha ayambe wapatsidwa mwayi woonana ndi katswiri wa za maganizo, ndipo ngati akuifunabe, amupange. Ine ndikuona kuti dongosolo limeneli n'labwino kulitsata ngakhale pakhomo: mayi amvedwe, afotokozeredwe zonse, kenako agwirizane ndi dokotala popanda womunyoza. Opaleshoni yokha sichotsa nkhawa ngati gwero lake silinakhudzidwe.

Chimene muyenera kukana kwamtuwagalu ndi mwanamphepo ndi mankhwala ena achikuda ofulumizitsa matenda. Akhoza kung'amba chiberekero, makamaka cha mayi amene anapangidwapo opaleshoni.

Mayi wopangidwa opaleshoni akatuluka m'chipatala, kwa masabata asanu ndi limodzi asasenze ndowa, asasinje, asagwire khasu. Thupi likatentha, bala likatuluka mafinya kapena kununkha, mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena akamataya magazi ambiri, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo munthu asamuuze kuti sanabereke, anangong'ambidwa. Mawu amenewa amapweteka kuposa bala.

Yang'aniraninso mtima wake. Kulira popanda chifukwa masiku oyamba kumachitikira amayi ambiri, ndipo kumatha pasanathe masabata awiri. Kukapitirira, mayi n'kumakana kudya, osafuna kunyamula mwana, kumadziona wachabechabe, amenewo ndi matenda a maganizo ndipo amachizika. WHO imati m'mayiko osauka pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu aliwonse amadwala maganizo akachira. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena namwino; zipatala za maboma zili ndi ogwira ntchito za maganizo, ndipo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso zipatala za St John of God. Mayi akayamba kumva mawu a anthu osaoneka, kulankhula zosokonekera, kapena kunena zodzipha kaya zopweteka mwana, musamusiye yekha ngakhale pang'ono, ndipo musayambire kwa sing'anga. Pezani galimoto kapena njinga yamoto, mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo.