Kuphunzitsa Nkhani ya Dr Jekyll ndi Mr Hyde

Mau Oyamba

Mphunzitsi amene watumizidwa ku sukulu ya kufupi ndi Chitedze, Namitete kapena Nsaru, akayamba kuŵerenga ndi ana buku la Robert Louis Stevenson lotchedwa *Strange Case of Dr Jekyll and Mr Hyde*, ayembekezere kumva mau aŵa: "Aphunzitsi, ameneyu ndi mfiti." Anawo adakula akumva nkhani za anthu osanduka afisi usiku, motero yankholi n'losadabwitsa. Koma phunziro likathera pomwepo, mfundo ya bukuli yatayika. Ntchito yanu ndi kuŵatsogolera kuti aone okha kuti chimene chidamugwetsa Jekyll ndi chiphamaso.

Nkhani Yake Mwachidule

Bukuli lidatuluka ku London m'chaka cha 1886, ndipo lili ndi mitu 10. Dr Henry Jekyll adali dokotala wolemera ndi wolemekezeka. Chiyambire unyamata wake adali ndi zilakolako zimene ankachita nazo manyazi, nazibisa. Tsono adasakaniza mankhwala amene akamwa ankasanduka munthu wina, wamfupi ndi wonyansa, dzina lake Edward Hyde. Hyde adaponda kamtsikana pamseu, ndipo pofuna kuziziritsa mlandu adalipira mapaundi 100, ambiri mwa iwo pa cheke chosainidwa ndi Jekyll. Pambuyo pake adapha Sir Danvers Carew, phungu wa nyumba ya malamulo, pomumenya ndi ndodo. Potsiriza Jekyll adayamba kusanduka Hyde osamwa mankhwala, nalephera kubwerera. Mtembo wa Hyde udapezeka m'chipinda cha Jekyll atadzipha.

Sayansi

Anzake a Stevenson ankakhala m'nthaŵi ya mikangano. Mabuku a Charles Darwin a m'zaka za 1859 ndi 1871 adachititsa ambiri kufunsa ngati munthu ali pachibale ndi nyama, ndipo n'chifukwa chake Hyde akuyerekezedwa ndi nyani m'malo angapo. Kaamba ka ichi ana ena adzati bukuli likudzudzula sayansi.

Pamenepa gwiritsani ntchito chimene ana akuchidziŵa. Malo ofufuzira za ulimi a ku Chitedze, pa mseu wa ku Mchinji, adakhazikitsidwa m'chaka cha 1948, ndipo kumeneko kudachokera mtedza wa CG7 umene udaperekedwa kwa alimi mu 1990. Wofufuza mbeu amagaŵa munda m'timagawo, amaika zikwangwani, amayeza zokolola pa sikelo, amalemba zonse, nabwereza ntchitoyo nyengo zingapo kuti anzake atsimikize kapena atsutse. Nanga Jekyll? Iye ankagwira ntchito yekha, chitseko chokhoma. Mnzake Dr Lanyon atatsutsa maganizo ake, ubwenzi wawo udazirala. Mchere umene ankathira m'mankhwala utatha adagula wina, koma sudagwire ntchito, ndipo adaganiza kuti woyambawo udali ndi kachitsotso kena kosadziŵika. Motero iye mwini sankadziŵa chimene ankamwa. Ana akayerekeza ziŵirizi adzaona kuti Jekyll adaphwanya malamulo a sayansi yeniyeni.

Chipembedzo

Stevenson adabadwira ku Edinburgh mu 1850, m'banja lopemphera la Chipresibateria, m'dziko lomwelo la Scotland kumene kudachokera amishoni a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876. Baibulo ankalidziŵa bwino. Carew ataphedwa, Jekyll adachita mantha, nayamba kupemphera ndi kuthandiza osauka. Koma tsiku lina atakhala pa benchi ku Regent's Park adayamba kudziyerekeza ndi anthu ena, nadziona wabwino koposa iwo, ndipo nthaŵi yomweyo adasanduka Hyde. Ana odziŵa fanizo la Mfarisi ndi wamsonkho pa Luka 18 adzalizindikira msanga. Jekyll adalapa osaulula kanthu kwa munthu aliyense, ndipo mlandu wa Carew adautaya pa Hyde ngati kuti ndi wa mlendo.

Chiphamaso

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyumba ya Jekyll ili ndi makomo aŵiri: lapatsogolo ndi lokongola, loloŵera alendo olemekezeka, lakumbuyo ndi lakuda, losasamalidwa, loloŵera Hyde. Koma nyumba ndi imodzi. Jekyll sadapange mankhwala kuti asiye zoipa, adaŵapanga kuti azichita popanda kutaya ulemu.

Onetsaninso ana kuti chiphamaso chimakula ndi chete wa anthu abwino. Loya Utterson adazindikira kuti ndodo yophera Carew ndi imene iye mwini adampatsa Jekyll, koma sadatchule dzina la mnzakeyo kwa apolisi. Kalata yokayikitsa adaitsekera m'bokosi lake lachitsulo. Adateteza mbiri ya mnzake, ndipo mnzakeyo adaonongeka.

Kaphunzitsidwe

1. Jambulani pa bolodi nyumba ya makomo aŵiri. Ana alembe zochita za Jekyll pansi pa khomo lina, za Hyde pansi pa linzake. Kenaka funsani: mwini nyumba ndani?
2. Gaŵani ana m'magulu atatu. Gulu loyamba liimbe mlandu sayansi, lachiŵiri chipembedzo cha Jekyll, lachitatu Jekyll mwini. Gulu lililonse lipereke umboni wochokera m'buku.
3. Ana apeze miyambi ina yogwirizana ndi nkhaniyi, monga wakuti choipa chitsata mwini.

Mafunso Okambirana

1. M'mutu wotsiriza Jekyll akukana kuti adali wachiphamaso, ponena kuti mbali zake zonse ziŵiri zidali zoona. Kodi mukugwirizana naye? Perekani zifukwa.
2. Utterson akadalankhula msanga, chikadasintha n'chiyani?
3. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa kusunga chinsinsi ndi kubisa mlandu?

Chenjezo kwa Mphunzitsi

Musalole mwana kutchula munthu wa m'mudzi, wa mu mpingo kapena wa pa sukulu monga chitsanzo. Mau olankhulidwa m'kalasi amafika kunyumba dzuŵa lisanaloŵe, ndipo dzina la nkhalamba likangolumikizidwa ndi ufiti, moyo wake uli pangozi. Kumbukirani kuti lamulo la m'chaka cha 1911 lidaika mlandu pa munthu wotchula mnzake mfiti. Musanyozenso chipembedzo kapena mwambo wa mwana aliyense, pakuti m'kalasi limodzi muli Akhristu, Asilamu ndi ana a m'mabanja osunga miyambo ya makolo.

Potsiriza, dziŵani kuti kumudzi mphunzitsi amakhala pa maso pa anthu. Ana amakuonani pa msika, pa bwalo la mpira ndi pa maliro. Ngati mudzudzula kubera mayeso m'maŵa, madzulo n'kusintha malikisi a mwana wa mnzanu, anawo adzakhala atalimvetsa bukuli kudzera mwa inu.