ADANI ANAI A INJINI YA MTHUTHUTHU

M'misewu ya ku Chipata, Katete ndi Lundazi muyenda mithuthuthu yambiri. Ina inyamula alangizi a zaulimi, ina ithamangira ku cipatala ndi odwala. Injini ikafa pakati pa thengo usiku, wodwalayo ali pa tsoka lalikuru. Koma injini siingofa yokha ai. Kawiri-kawiri imfa yace icokera kwa mwini wace wosasamala.

Injini ya mtundu umene uli m'mithuthuthu yambiri anaikonza Nikolaus Otto wa ku Germany m'caka ca 1876. M'kati mwace muli citsulo cochedwa pisitoni, cimene cikwera ndi kutsika m'cibowo cochedwa silinda. Petulo wosanganizika ndi mpweya alowa m'silindamo, pulagi iyatsa moto, ndipo mphamvu ya motowo ikankha pisitoni.

Injini yotere iri nao adani anai. Woyamba ndiye kusowa kwa oilo. Oilo aletsa zitsulo kupekesana. Akacepa kapena akakalamba, zitsulo zitentha, pisitoni itupa nikanirira m'silinda, ndipo injini iuma gwa.

Waciwiri ndiye fumbi. Sefa ya mpweya ikang'ambika, fumbi lilowa ndi kupala silinda monga mcenga ukweca mphika. Sefayo ikatsekeka, injini ibanika nisowa mphamvu.

Wacitatu ndiye petulo wokhala ndi madzi kapena zitsotso, monga wocokera m'mabotolo osatsuka. Petulo wotere atseka tinjira ta m'kabyuleta, momwe petulo asanganizika ndi mpweya.

Wacinai ndiye kutentha. Kunja kwa silinda kuli nthiti zacitsulo zimene mphepo iziziritsa. Matope a m'dzinja akamata nthitizo, kapena katundu akacuruka pokwera citunda, injini itentha koposa muyeso.

Cifukwa cace wokwera wanzeru ayesa oilo m'mawa asananyamuke, ataimika mthuthuthu pamalo osapendekeka. Asintha oilo pa nthawi yochulidwa m'buku la opanga, atsuka sefa, apukuta mwaye pa pulagi, ndipo amvetsera kulira kwa injini. Akamva kugogoda kwacilendo, apita kwa makanika tsiku lomwelo. Wopusa angopukuta thanki kuti inyezimire, naiwala mau a akuru akuti: cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

MAFUNSO
1. Kodi nchito ya oilo ndi yotani?
2. Fumbi liononga bwanji injini?
3. Fotokozani tanthauzo la mwambi wa nkhuyu m'nkhaniyi.